Mmene mungakambire ulendo wanu wa ku Edinburgh pogwiritsa ntchito zithunzi

Munthu akabwerako kunja, kwawo samusiya. Kutchalitchi amampatsa mpata, aphunzitsi amamupempha kuti akayankhule ndi ana a fomu 4, anzake a kuntchito nawo amafuna kuona zomwe iye anaona. Foni nayo imabwera itadzaza ndi zithunzi. Ine zinandichitikira nditabwerako ku Edinburgh, likulu la Scotland, komwe ndinakhalako milungu itatu. Tsiku loyamba kukamba mu holo ya tchalitchi chathu, ndinangolumikiza foni n'kuyamba kuonetsa zithunzi momwe zinalili, ndikunena kuti "apa ndi pamsewu, apa ndi patchalitchi, apa ndi paphiri." Ola litatha, anthu ambiri anali atatuluka. Pomaliza mayi wina wachikulire anaimika mkono nati, "Mwanangu, nyumba zitalizitalizo taziona. Nanga anthu akalewo madzi ankatunga kuti?" Ndinasowa choyankha, ndipo zinandipweteka, chifukwa pachitsime chomwe ankafunsacho ndinkadutsapo tsiku ndi tsiku koma sindinachijambule.

Funso la mayi ameneyu ndi lomwe linanditsegula maso. Anthu akabwera kudzamva za mzinda wakale, amafuna muwagwire dzanja muyende nawo, adziwe chifukwa chake mzindawo unamangidwa chonchi ndiponso mmene anthu ake ankakhalira. Malangizo otsatirawa ndawakonza potengera Edinburgh, koma agwiranso ntchito ngati munapita ku Lisbon, ku Rome kapena ku Prague.

Choyamba: dziwani amene adzakumvereni

Funsani amene wakuitanani zinthu zitatu: kudzabwera ndani, adzakhala angati, ndipo mwapatsidwa nthawi yochuluka bwanji. Mukapatsidwa ola, konzani zokamba za mphindi 40, zotsalazo zikhale za mafunso. Akhristu a CCAP adzafuna kumva zambiri za John Knox ndi mpingo wa Scotland. Ana asukulu adzakokedwa ndi mzinga, linga ndi nkhosa Dolly, yomwe asayansi anaipanga kuchokera ku selo la nkhosa ina. Mzinda ndi womwewo, koma pomwe mudzaime nthawi yaitali padzasiyana.

Chachiwiri: sankhani njira imodzi

Mapanga awiri avumbwitsa. Ngati paulendo wanu munafikanso ku Glasgow ndi ku London, zisiyeni, mudzakamba tsiku lina. Ndipo mu Edinburgh momwemo sankhani msewu umodzi woti muyendetsemo anthu anu kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mzindawu unakuchitirani kale ntchito imeneyi. Pali msewu wotchedwa Royal Mile, womwe umayambira pa linga lomwe lili pamwamba pa thanthwe, Edinburgh Castle, n'kutsetsereka kulowera kum'mawa mpaka ku nyumba yachifumu ya Holyroodhouse. Kutalika kwake sikukwana makilomita awiri. Mukatsata msewu umenewu, omvera sasochera, chifukwa nthawi zonse amadziwa kuti tikutsika phiri ndipo tikafika kwa mfumu. Inunso simuiwala chotsatira, poti miyendo yanu ikukumbukirabe.

Chachitatu: tsimikizani mfundo zanu

Zomwe munamva kwa woyendetsa alendo zina ndi mbiri, zina ndi nthano zokometsera. Khalani pansi madzulo awiri kapena atatu, mufufuze chaka chilichonse ndi dzina lililonse lomwe mudzatchule. Nthano musaitaye ngati ndi yokoma, koma nenani poyera kuti "anthu akumeneko amakamba kuti..." Phunziraninso katchulidwe ka maina. Eni mzinda samaliza dzinali ndi "bagi" ngati mmene ambiri timawerengera, amalitchula ngati "Edinbara".

Pali cholakwika chimodzi chomwe ndachimva kangapo, ndipo musachibwereze: David Livingstone sanabadwire ku Edinburgh. Anabadwa mu 1813 ku Blantyre, tauni yomwe ili kufupi ndi Glasgow, ndipo udokotala anayamba kuuphunzira ku Glasgow komweko.

Chachinayi: sankhani zithunzi, ndipo khalani wouma mtima

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pa mphindi 40, zithunzi 25 kapena 30 zakwana. Chithunzi chilichonse chifunseni kuti: ndikachionetsa ndinena chiyani chomwe anthu sakudziwa? Ngati yankho ndi loti "chimangokongola", chiikeni pambali. Zithunzi zomwe mukuonekamo inu zisapose ziwiri, ndipo zikhale zothandiza, monga mutaima pafupi ndi mzinga waukulu kuti anthu aone kukula kwake poyerekeza ndi munthu.

Sakanizani zakutali ndi zapafupi. Chithunzi cha mzinda wonse chitsatidwe ndi cha chinthu chaching'ono: khomo lakale, miyala yoyalidwa mumsewu, chikwangwani cha kanjira. Zithunzi za anthu omwe nkhope zawo zikuonekera bwino, makamaka ana, musazionetse ngati simunapemphe.

Ngati pali malo omwe simunajambule, pa Wikimedia Commons pali zithunzi zololedwa kugwiritsa ntchito, bola mulembe dzina la wojambula pansi pake. National Library of Scotland inaikanso pa intaneti mapu akale a mzindawu, ndipo mapu amodzi akale amafotokoza zomwe pakamwa mungathere nazo mphindi zisanu. Mnzanu akamakutumizirani zithunzi pa WhatsApp, muuzeni azitumize ngati dokyumenti, chifukwa njira yachizolowezi ija imazichepetsa ndipo pachinsalu chachikulu zimaoneka mbuu.

Chachisanu: sanjani ulendo wokha

Apa ndi pomwe pagona ntchito, choncho ndikuonetsani momwe ine ndimayendetsera.

Chithunzi choyamba chikhale mapu osonyeza pomwe Scotland ali, kumpoto kwa England, ndi pomwe Edinburgh ali, m'mbali mwa mtsinje waukulu wothira m'nyanja wotchedwa Firth of Forth. Musachedwepo. Chachiwiri chikhale thanthwe lija ndi linga pamwamba pake, lojambulidwa kuchokera pansi. Apa imani. Fotokozani kuti thanthwelo ndi mtima wa phiri lomwe kalekale linkalavula moto. Pambuyo pake dziko lonselo linakutidwa ndi madzi oundana omwe ankayenda pang'onopang'ono kuchokera kumadzulo, n'kumakumba nthaka yofewa. Thanthwelo linakana kukumbika, ndipo kuseri kwake kunatsala mtunda wautali wotsetsereka ngati mchira. Pamchira umenewu ndi pomwe panamangidwa mzinda wakale. Uzani anthu aganize za chambo chomwe chadyedwa n'kutsala mafupa: msewu waukulu ndiwo msana, ndipo tinjira topanikizana tomwe timatsika mbali zonse ziwiri ndito minga. Tinjirato eni ake amatitcha "close". Mukawapatsa chithunzithunzi chimenechi, zonse zotsatira adzazimva msanga.

Lowani nawo m'linga, koma sankhani zinthu ziwiri zokha. Ine ndimasankha katchalitchi ka St Margaret, komwe ndi nyumba yakale kwambiri mumzindawu, komangidwa m'zaka za m'ma 1100 ndi mfumu David I pokumbukira amayi ake. Ndi kakang'ono moti anthu ochepa chabe akalowa kadzaza. Chachiwiri ndi mzinga womwe umaombedwa nthawi ya 1 koloko masana, tsiku lililonse kupatula Lamlungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi. Unayamba mu 1861, ndipo cholinga chake chinali choti oyendetsa sitima zapamadzi kudoko la Leith azitchera mawotchi awo. Kale panali mpira womwe unkatsitsidwa pansanja ya paphiri la Calton nthawi yomweyo, koma kukachita nkhungu sunkaoneka, n'chifukwa chake anawonjezera mzinga. Ngati munajambula kanema wamfupi wa kuomba kwake, uwu ndi mpata wake, ndipo wogona aliyense adzadzuka.

Tsopano tsikani mumsewu, muonetse nyumba zosanjikizana zija. Mzinda unazingidwa ndi khoma loteteza, lina la makomawo linamangidwa pambuyo pa nkhondo ya Flodden ya mu 1513, ndipo kumpoto kunali dziwe lalikulu lotchedwa Nor Loch. Malo atachepa, anthu anayamba kumanga chokwera, nyumba zina mpaka kufika nsanjika khumi kapena kuposera. Olemera ndi osauka ankalowera khomo limodzi: opeza bwino ankakhala nsanjika zapakati, osauka pamwamba penipeni ndi m'zipinda zapansi. Zimbudzi munalibe. Usiku anthu ankakhuthulira zonyansa pawindo akufuula mawu akuti "gardyloo" pochenjeza odutsa. Utsi wa malasha unkaphimba mzinda mpaka unapatsidwa dzina loti Auld Reekie, kutanthauza mzinda wakale wofuka utsi. Gawo limeneli musalifulumire. Anthu athu ambiri amaganiza kuti ku Ulaya kunagwa kuchokera kumwamba kuli koyera kale, ndipo akamva izi amakhala chete, kenako mafunso amabwera.

Apa ndi pomwe ndimayankhira mayi uja. M'zaka za m'ma 1670 madzi anayamba kubwera ndi mapaipi kuchokera ku akasupe a ku Comiston, kumwera kwa mzinda, n'kumatulukira pazitsime zamiyala zomwe zinaimikidwa mumsewu waukulu. Zina zilipobe lero. Ndi zipilala zamiyala zotalika kuposa munthu, zotuwa, ndipo alendo amangozidutsa akuthamangira kokagula zikumbutso. Anthu ankafola pamenepo kudikira madzi, ndipo panali ena omwe ntchito yawo inali kusenza madzi m'migolo kukwera nawo masitepe kukagulitsa m'nyumba zam'mwamba. Ndikaonetsa chithunzi chimenechi, amayi m'holo amayang'anana, chifukwa mzere wapamjigo amaudziwa.

Pakati pa msewu pali tchalitchi cha St Giles, chodziwika ndi nsanja yake yooneka ngati chisoti chachifumu. John Knox, mtsogoleri wa kukonzanso mpingo ku Scotland, ankalalikira mmenemo mpaka anamwalira mu 1572. Onetsani nsanjayo, kenako onetsani malo oimikapo magalimoto omwe ali kuseri kwake. Pamalopo kale panali manda, ndipo pomwe amati Knox anaikidwa pali chikwangwani chaching'ono pansi, pa malo oimikapo galimoto a nambala 23. Mu 1637 m'tchalitchi chomwechi munabuka chipolowe mfumu Charles I itakakamiza buku la mapemphero lomwe anthu sanalifune, ndipo chaka chotsatira, 1638, anthu anasaina pangano lotchedwa National Covenant ku tchalitchi cha Greyfriars, pokana kuti mfumu ilamulire za chipembedzo chawo. Ngati mukukamba kutchalitchi, apa khalanipo mphindi zisanu.

Kuchokera pamenepa tembenuzirani anthu kumpoto, aone mzinda watsopano, New Town. Mzinda wakale utathina, akuluakulu anachititsa mpikisano wa pulani, ndipo mu 1766 anapambana James Craig, mnyamata wa zaka zosakwana 30. Pulani yake inali ya misewu itatu yowongoka ndi yotakata: Princes Street, George Street ndi Queen Street. Dziwe lija analiphwetsa, ndipo lero pamalopo pali munda wamaluwa wa Princes Street Gardens ndi siteshoni ya sitima ya Waverley. Dothi lomwe ankakumba pomanga maziko ankalitaya pakati pa chigwacho mpaka linasanduka chitunda cholumikiza mizinda iwiriyi, chotchedwa The Mound. Olemera anasamukira kutsidya, osauka anatsala m'nyumba zakale. Ikani zithunzi ziwiri pambalipambali, kanjira kamdima ka mzinda wakale ndi msewu wotakasuka wa watsopano. Mu 1995 UNESCO inaika mbali zonse ziwiri pamndandanda wa malo a mbiri ofunika padziko lonse.

Bwererani mumsewu, mutsike mpaka kumapeto. Holyroodhouse ndi nyumba yomwe mfumu ya Britain imafikira ikakhala ku Edinburgh, ndipo pambali pake pali mabwinja a nyumba ya amonke yomwe inakhazikitsidwa mu 1128. Mary, mfumukazi ya Scotland, anakhalamo m'zaka za m'ma 1560, ndipo mlembi wake David Rizzio anaphedwera momwemo mu 1566. Kutsidya kwa msewu kuli Nyumba ya Malamulo ya Scotland. Nyumba ya malamulo yakale inatha mu 1707 pomwe Scotland ndi England anagwirizana, inayambanso kukumana mu 1999, ndipo nyumba yatsopanoyi inatsegulidwa mu 2004. Chithunzi chomaliza chikhale chojambulidwa pamwamba pa phiri la Arthur's Seat, lotalika mamita 251, pomwe njira yonse yomwe mwayenda ikuoneka, kuyambira pa linga mpaka kwa mfumu.

Chachisanu ndi chimodzi: lumikizani ndi kwathu, koma pokhapo pomwe pali choona

Edinburgh ndi umodzi wa mizinda yochepa ya ku Ulaya yomwe simusowa kukakamiza ubale. M'munda wa Princes Street, kufupi ndi siteshoni ya Waverley, muli chiboliboli cha Livingstone chomwe chinaimikidwa mu 1876. Chaka chomwecho Church of Scotland inakhazikitsa mishoni ya Blantyre, yomwe inapatsidwa dzina la kwawo kwa Livingstone, ndipo chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1875, Free Church of Scotland inali itayambitsa Livingstonia. Mipingo ya mishoni ziwirizi ndiyo inagwirizana mu 1924 kupanga CCAP, Nkhoma n'kulowa mu 1926. Dr Hastings Kamuzu Banda, atamaliza udokotala ku America, anapita ku Edinburgh kukapeza mapepala omulola kugwira ntchito m'maiko a Britain, anawalandira mu 1941, ndipo anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Mu 2005 Jack McConnell, yemwe anali mtsogoleri wa boma la Scotland, ndi Bingu wa Mutharika anasaina mumzinda womwewu pangano la mgwirizano wa Scotland ndi Malawi.

Mfundozi zimwazeni m'njira, pomwe malo ake akuonekera, m'malo moziunjika pamodzi kumapeto. Chiboliboli chibwere pomwe mukuonetsa munda, mishoni zibwere pomwe muli pa St Giles. Kwa omvera a ku Zambia onjezerani kuti Livingstone anamwalirira kwa Chitambo mu 1873, komwe mtima wake unakwiriridwa. Ngati mzinda womwe munapita ulibe ubale wotere ndi kwathu, musaupeke. Fanizo loona la mjigo kapena msika ndi lokwanira.

Pali kena komwe ndimakonda kunena poyamba. Livingstone mwini ankayenda ndi makina oonetsera zithunzi zapagalasi pogwiritsa ntchito nyali, ndipo ankasonkhanitsa anthu madzulo kuwaonetsa nkhani za m'Baibulo. Ntchito yomwe mukuchitayi ndi yakale ndithu kuno kwathu, kungoti lero zithunzi zikuchokera mbali inayo.

Chachisanu ndi chiwiri: konzani masilaidi

Chithunzi chimodzi pa silaidi imodzi, chidzaze chinsalu chonse. Mawu akhale dzina la malo ndi chaka basi, m'zilembo zikuluzikulu zoti wakumbuyo awerenge. Mukalemba ndime yonse, anthu amawerenga n'kusiya kukumverani. Kaya mwagwiritsa ntchito PowerPoint kapena pulogalamu ina, sungani kope lina ngati PDF pa fulashi ndi pafoni, chifukwa PDF imatseguka pa kompyuta iliyonse osasokonekera.

Chachisanu ndi chitatu: zipangizo ndi malo

Kaoneni holoyo dzulo lake, nthawi yomweyo yomwe mudzakambe, kuti muone komwe dzuwa limalowera. Mdani wamkulu wa pulojekita ndi kuwala. Mawindo oyandikana ndi chinsalu atsekeni ndi mabulangete kapena zitenje zakuda. Ngati palibe khoma loyera, nsalu yoyera yapabedi yositidwa bwino n'kukokedwa zolimba imagwira ntchito. Onani ngati pulojekitayo imalandira chingwe cha HDMI kapena cha VGA, chifukwa zakale zambiri ndi za VGA pomwe malaputopu atsopano alibe polowetsa pake. Tengani chingwe chachitali cha magetsi chanuchanu. Anthu akakhala osaposa 20, TV yaikulu imaonetsa bwino kuposa pulojekita yofooka.

Magetsi akhoza kuthima, ndiye konzekeranitu. Funsani ngati pali jenereta ndi mafuta ake, laputopu ikhale yodzaza moto, ndipo sindikizani zithunzi khumi zofunikira kwambiri papepala lalikulu la A3, kuphatikizapo mapu, thanthwe, chitsime ndi chiboliboli. Ulendo wina ine magetsi anathima ndili pa St Giles. Tinatsegula mawindo, ana awiri anayenda ndi mapepalawo m'mizere, ndipo tinafika ku Holyroodhouse bwinobwino.

Chachisanu ndi chinayi: yeserani mokweza mawu

Mutu umodzi susenza denga. Khazikani pansi anthu awiri apakhomo, wamkulu ndi wamng'ono, mukambe zonse wotchi ili pambali. Pomwe ayamba kuyang'ana kumbali, dulanipo. Pomwe afunsa funso, onjezeranipo. Lembani pakapepala mawu amodzi kapena awiri a chithunzi chilichonse ndi zaka zomwe mungaiwale, osati chiganizo chonse. Ganiziraninso mawu a Chichewa a zinthu zachilendo musanafike pagulu: linga, mzinga, nsanja, nyumba ya amonke. Chovala cha amuna chija chotchedwa kilt ingonenani kuti ndi nsalu yaubweya yofika m'mawondo yomwe amavala paukwati ndi pamiyambo, ndipo chitoliro chawo cha bagpipe nenani kuti chili ndi thumba lachikopa losungira mpweya.

Chakhumi: patsikulo

Lonjerani akuluakulu monga mwa mwambo wa pamalopo, kenako auzeni anthu m'chiganizo chimodzi komwe mukupita nawo: "Lero titsika msewu umodzi, kuchokera pa linga mpaka kunyumba ya mfumu." Imani pambali pa chinsalu, nkhope kwa anthu. Chithunzi chatsopano chikabwera, khalani chete pang'ono anthu achione, kenako lozani pomwe mukufuna ayang'ane. Pezani wina wosintha zithunzi kuti inu musamawerame pa laputopu.

Nenaninso zomwe kamera singajambule. Mphepo ya pamwamba pa linga imalowa mpaka m'mafupa ngakhale m'chilimwe chawo. M'mwezi wa June dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, pomwe mu December 4 koloko masana isanakwane kwada kale. Mu August mzinda umadzaza ndi alendo chifukwa cha zikondwerero za zisudzo ndi nyimbo zomwe zinayamba mu 1947, moti mu Royal Mile mumayenda mokankhana ngati mumsika.

Mafunso omwe amabwera kawirikawiri ndi a chakudya, mtengo wa ulendo ndi chitupa cholowera m'dzikolo. Za chakudya konzekerani kufotokoza haggis, yomwe amapanga ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zosakaniza ndi oats (mbewu yonga tirigu), anyezi ndi zokometsera. Za ndalama nenani zomwe inu munalipira ndi chaka chake, ndipo za chitupa atumizeni ku tsamba la boma la Britain, poti malamulo amasintha. Ana akafunsa za nkhosa Dolly, yomwe asayansi a ku Roslin Institute anaipanga kuchokera ku selo la nkhosa ina yaikulu mu 1996, auzeni kuti thupi lake losungidwa lili ku National Museum of Scotland mumsewu wa Chambers, komwe amalowa ulere.

Funso lomwe simukulidziwa lilembeni pakapepala pamaso pa wofunsayo, mukafufuze, ndipo mukamuyankhe Lamlungu lotsatira. Mapepala a A3 aja asiyeni patebulo pafupi ndi khomo, chifukwa achikulire omwe maso awo sanaone bwino pachinsalu amafuna kuwagwira ndi kuwayang'ana pafupi asanatuluke.